Ndigule Mfuti Yanji Yotetezera Banja Langa?

Okondedwa Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 46. Kwathu ndi ku Katete, koma ndakulira kuno ku Kabwe ndipo ndimakhala ku Chowa ndi mkazi wanga, ana athu anayi ndi mwana wa mlongo wanga amene ndikumuphunzitsa. Ndili ndi golosale yaing'ono komanso booth ya mobile money, choncho masiku ena ndalama za malonda zimagona kunyumba.

Mwezi watha achifwamba anathyola nyumba ya mnansi wanga usiku magetsi atazima. Anabwera ndi zikwanje ndi zitsulo, anamanga mayi wa m'nyumbamo, anatema bambo pamutu, n'kutenga TV, mafoni ndi ndalama. Tonse tinamva kukuwa koma palibe amene anatuluka, ngakhale ine ndemwe. Chichitikireni zimenezi sindigona tulo. Galu akangouwa ndimadzuka n'kuima pawindo mpaka tambala woyamba.

Ndaganiza zogula mfuti. Mnzanga wina woyendetsa thiraki akuti angandipezere pisitolo yotchipa popanda za mapepala. Ena akuti chifefe ndiye chabwino, ena akuti laifolo chifukwa ndi yamphamvu. Mkazi wanga akukana kwamtuwagalu, akuti mfuti m'nyumba ndi maliro. Iye akuopa kwambiri chifukwa mwana wathu woyamba, wa zaka 17, nthawi zina amabwera usiku n'kulumpha mpanda kuti tisamumve. Koma ine monga bambo sindingakhale manja lende. Ndithandizeni: ndigule mfuti yanji, ndipo zipolopolo zake zikhale zotani?

Bambo wodandaula,
Chowa, Kabwe

Bambo wanga,

Pepani kwambiri ndi zimene zinagwera anansi anu. Munthu amene wamva mnzake akukuwa usiku, iye ali chigwirire chitseko osatha kutuluka, amatsala ndi mantha komanso manyazi, ndipo zonse ziwirizi ndikuzimva m'kalata yanu. Kufuna kuteteza ana ndi udindo umene bambo aliyense ayenera kuumva, choncho sindikudzudzulani. Maganizo anga ndi awa: pisitolo ya mnzanuyo muikane lero lomwe. Mfuti ina iliyonse musaigule panopa mtima udakali m'mwamba. Mukachita zonse zimene nditchule pano n'kuonabe kuti mfuti ikufunika, ikhale chifefe cha layisensi, chokhala m'bokosi lachitsulo lokhoma. Mtundu wa mfuti ndi funso lomaliza, ndipo lisanafike pali mafunso ena amene muyenera kuyankha.

Tiyambe ndi ya mnzanuyo. Ku Zambia nkhani za mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act, Chaputala 110 cha malamulo a dziko. Munthu saloledwa kukhala ndi mfuti, ngakhale chipolopolo chimodzi, popanda layisensi, ndipo chilango chake chimafika pa zaka zambiri m'ndende. Inu a ku Kabwe ndende ya Mukobeko mumaidziwa, ili m'tauni yanu momwemo. Komanso mfuti yopanda mapepala ili ndi mbiri imene wogulitsa sangakuuzeni. Mwina inabedwa kwa mwini wake, mwina inaphapo munthu ku Kitwe kapena ku Lusaka. Mfuti imasiya zizindikiro zake pa chipolopolo chimene yatulutsa, ndipo akatswiri a apolisi amatha kuziyerekeza. Tsiku limene idzapezeke pansi pa matiresi anu, mudzayankha mafunso a milandu imene simukuidziwa n'komwe. Ganiziraninso izi: amene akubweretserani pisitolo mobisa wadziwa kuti m'nyumba mwanu muli mfuti ndi ndalama, ndipo anzake amene anamupatsa adziwanso. Kwa achifwamba, mfuti ndi katundu wamtengo wapatali kuposa TV.

Njira yovomerezeka imayambira kupolisi. Wopempha ayenera kukhala wa zaka zosachepera 21, wamutu wabwino, wa mbiri yoyera, wokhala ndi chifukwa chomveka, ndiponso wosonyeza kuti amadziwa kugwira mfuti. Apolisi amafufuza, mfutiyo imalembedwa m'kaundula wa mfuti zonse ku likulu lawo ku Lusaka, ndipo akavomera ndi pamene khonsolo, kwa inu Kabwe Municipal Council, imapereka layisensi imene imakonzedwanso pakatha zaka zitatu zilizonse. Mfuti ndi zipolopolo mumagula kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo mfuti zankhondo monga AK-47 si za anthu wamba. Njirayi imatenga nthawi, ndipo nthawi imeneyo ikuchitirani ubwino, chifukwa mudzafika posankha mutu utazizira.

Funso lachiwiri ndi loti lamulo limakulolani kuwombera liti. Anthu ambiri amaganiza kuti wakuba akangolowa mumpanda, mwini nyumba ali ndi ufulu womupha. Si choncho. Gawo 17 la Penal Code limateteza munthu amene wagwiritsa ntchito mphamvu podziteteza kapena poteteza ena ndi katundu, pokhapokha ngati mphamvuzo sizinapitirire zimene zimafunika kuti athetse chiwembucho. Wachifwamba amene wathyola chitseko cha kuchipinda, chikwanje chili m'manja, ndi nkhani ina. Mnyamata amene akuthawa ndi wailesi, msana uli kwa inu, ndi nkhani inanso, ndipo mukamuwombera mungathe kuimbidwa mlandu wopha munthu. Ngakhale mutawombera moyenera, mfuti idzatengedwa kaye, mudzafunsidwa mafunso, mwina mudzagona m'chitokosi, mudzafuna loya, ndipo golosale idzakhala yotseka masiku amenewo. Walira mvula walira matope. Amene akufuna mfuti avomerenso zonse zimene zimabwera nayo.

Funso lachitatu ndilo lalikulu kuposa onse, ndipo mayi akunyumba alifunsa kale: m'nyumbamo mukukhala ndani? Mwandiuza nokha kuti mwana wanu amalumpha mpanda usiku. Taonani m'maganizo mwanu usiku umenewo. Magetsi azima, galu wauwa kamodzi n'kukhala chete, mwamva kuti didi! munthu watera pabwalo. Mwatha milungu osagona bwino, mtima ukugunda, mfuti ili m'manja, ndipo pawindo mukuona chithunzithunzi chikunyang'ama cha kuchitseko chakumbuyo. Zoterezi zinachitikapo. Mu May 2004, pafupi ndi Nelspruit ku South Africa, Rudi Visagie, amene anasewerapo rugby m'timu ya dzikolo, anadzutsidwa m'bandakucha pamene galimoto ya mwana wake inkatuluka pabwalo. Poganiza kuti ndi wakuba, anawombera kudzera pawindo. Amene ankayendetsa anali mwana wake wamkazi wa zaka 19, ndipo anafa. Boma pambuyo pake linasiya kumuzenga mlandu, koma mwana sanabwerere. Visagie sanali chigawenga, anali bambo woteteza pakhomo pake monga mmene inu mukufunira.

Ngozi ina imachokera mkati mwa nyumba mwenimweni. Mu 1993 dokotala wa ku America, Arthur Kellermann, ndi anzake anasindikiza kafukufuku m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Anapeza kuti m'nyumba zosunga mfuti, chiopsezo choti wina aphedwe m'nyumbamo chinali chokwera pafupifupi katatu, ndipo kawirikawiri wopha anali wachibale kapena wapamtima. Chaka cha 1992 anali atapezanso kuti chiopsezo chodzipha chinali chokwera pafupifupi kasanu. America si Kabwe, koma mkwiyo wa m'banja, nsanje, mowa ndi kutaya mtima chifukwa cha ngongole zili kulikonse. Mkangano umene ukanathera pomenyetsa chitseko umatha ndi maliro ngati mfuti ili pafupi. Ndiye dzifunseni moona mtima, muli nokha. Kodi mumamwa mowa mpaka kuiwala? Mukapsa mtima mumaswa zinthu kapena kukweza dzanja? Malonda atagwa munayamba mwaganizapo zochotsa moyo wanu? M'nyumbamo muli wachinyamata amene akuvutika maganizo? Yankho limodzi lokha likakhala "inde", mfuti isalowe pakhomo panu. Ndipo mayi akapitiriza kukana mutakambirana modekha, mawu awo alemekezeni, pakuti iwonso ndi eni nyumba ndipo ndiwo amatsala ndi ana inu mukachoka.

Tsopano ndiyankhe zimene mwafunsa, chifukwa ndi bwino mudziwe zoona kusiyana n'kumva za pabawo. Laifolo ichotseni m'maganizo. Inapangidwira kuwombera kutali, kutchire. Chipolopolo cha laifolo yosakira nyama zikuluzikulu chimauluka makilomita angapo, ndipo ngakhale cha kakang'ono ka .22 chimatha kupitirira kilomita imodzi ndi theka. Ku Chowa nyumba n'zoyandikana. Mukaphonya, kapena chipolopolo chikapyoza munthu n'kupitirira, chikapezeka m'chipinda cha ana a mnansi.

Pisitolo imakopa chifukwa ndi yaing'ono, koma kuchepa kwakeko ndilo vuto lake. Pa mfuti zonse, ndiyo yovuta kwambiri kulasa nayo. Dzanja likangonjenjemera pang'ono chipolopolo chimapita kwina, ndipo ngakhale anthu ophunzitsidwa amaphonya kwambiri akakhala pa mantha. Kuti muidziwe bwino pamafunika kuyeserera kawirikawiri, zimene zimadya ndalama zambiri za zipolopolo. Mwana wamng'ono amatha kuinyamula n'kuiloza kumaso kwake kapena kwa mbale wake. Wakuba amaiika m'thumba n'kutuluka nayo. Ndiponso imanyengerera mwini wake kuti aziyenda nayo, lero kugolosale, mawa kumowa.

Chifefe, makamaka cha 12 bore, ndicho chimene anthu ambiri osunga mfuti pakhomo ndi pafamu amasankha. Chimagwiridwa ndi manja awiri n'kutsamira paphewa, choncho sichigwedezeka ngati pisitolo. Machaka ake amatha mphamvu msanga poyerekeza ndi chipolopolo cha laifolo. Kwa munthu woyamba kumene, chosavuta ndi chija chothyola pakati, cha mpope umodzi kapena iwiri, chifukwa mukachithyola mumaona ndi maso ngati muli katiriji kapena ayi, ndipo chili chothyoka sichingalire. Koma musanamizidwe kuti chifefe sichifuna kulozetsa. Pa mtunda wa mamita asanu, umene ndi utali wa pabalaza, machaka amakhala asanamwazike, amagwera malo osaposa chikhatho chanu. Chimakankha phewa mwamphamvu, kulira kwake m'chipinda chotseka kumatha kuwononga makutu, ndipo kutalika kwake kumavutitsa m'kakhonde kopapatiza, kumene munthu wobisala pakona angagwire mpope n'kukulandani.

Za makatiriji, pali mitundu itatu yoti muidziwe. Ena ali ndi machaka ang'onoang'ono osakira mbalame, oposa 200 m'katiriji imodzi. Awa sapyoza kwambiri, koma musawayese ongoopsezera: pa mtunda wa m'chipinda amapha. Ena ali ndi machaka akuluakulu amene ogulitsa amawatcha SG kapena buckshot, pafupifupi asanu ndi anayi m'katiriji, lililonse lopitirira pang'ono mamilimita 8. Awa amaimitsa munthu, koma amadutsanso chitseko chathabwa, windo, siling'i ndi malata mosavuta. Khoma la njerwa kapena la mabuloko lingawaimitse, koma nyumba si makoma okhaokha. Mtundu wachitatu uli ndi chipolopolo chimodzi chachikulu, slug, ndipo umenewu si wa m'tauni. Pakati pa machaka a mbalame ndi SG pali apakatikati monga AAA, amene ndi oyenera kuwaganizira pamalo a nyumba zoyandikana. Chisankho chomaliza mupange ndi wokuphunzitsani mutamuuza mmene nyumba yanu ilili ndi kumene ana amagona.

Mugule makatiriji olingana ndendende ndi zimene zalembedwa pa mpope wa mfuti yanu. Katiriji ya mamilimita 76 siyenera kulowa m'mfuti yopangidwira ya mamilimita 70, ndipo ya 20 bore ikalowa m'chifefe cha 12 bore imatsetsereka n'kutseka mpope, mfuti n'kuphulikira m'manja ikawomberedwa. Pewani makatiriji akale a dzimbiri, ofufuma ndi chinyezi, kapena odzazidwa ndi anthu kumudzi. Machaka ambiri ndi a mtovu. Inu a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu mukudziwa mmene mtovu wa mgodi umene unatsekedwa mu 1994 wavutitsira ana, choncho makatiriji asakhale choseweretsa, ndipo muzisamba m'manja mukawagwira.

Kusunga ndi kumene anthu ambiri amagwera. Mfuti ikhale yopanda katiriji, m'bokosi lachitsulo lomangiriridwa kukhoma, makatiriji akhale pena pokhoma, kiyi ikhale pathupi panu. Pamwamba pa wadirobu si pobisika, ana amadziwa ngodya zonse za nyumba kuposa makolo awo. Mudzandifunsa kuti, nanga yokhomedwa chonchi idzandithandiza bwanji achifwamba akafika? Limeneli ndilo vuto lenileni la mfuti ya pakhomo: ikakhala pafupi kwa inu ili pafupinso kwa ana, ikakhala yokhomedwa imafuna nthawi kuti muitenge. Nthawi imeneyo imachokera ku zitseko zolimba ndi galu wouwa msanga, n'chifukwa chake zimenezi ziyenera kuyamba.

Muphunzitsidwe ndi munthu wodziwa, pamalo ovomerezeka owomberapo, osati kuthengo ndi anzanu. Malamulo anayi awa akhale m'magazi: mfuti iliyonse muiyese yodzaza, musailoze pa chinthu chimene simukufuna kuwononga, chala chisakhudze kachitsulo kowombera mpaka mutatsimikiza, ndipo musawombere chimene simunachione bwino, kapena osadziwa chimene chili kuseri kwake. Lachinayili ndilo lingapulumutse mwana wanu. Tochi iyambe, mawu atsatire: "Ndani?" Musawombere kudzera pachitseko chotseka kapena pakatani. Musawomberenso m'mwamba poopseza, chifukwa chokwera chimatsika, ndipo chimatsikira padenga la munthu.

Tsopano zimene ndikufuna muyambe nazo sabata ino. Achifwamba kawirikawiri sabwera mwangozi, amatsata ndalama ndipo amakhala atamva kwa wina. Ndalama za golosale ndi za booth zisagonenso kunyumba. Muzikasiya kubanki kapena kuziika pafoni dzuwa lisanalowe, musinthesinthe nthawi ndi njira, ndipo antchito anu azidziwa kuti kunyumba simupita ndi kanthu. Mbiri imeneyo ikafalikira ikutetezani kuposa mfuti. Kenako yang'anani zitseko: mafelemu achitsulo, chitseko cha zitsulo kutsogolo ndi kumbuyo, loko zolimba, zitsulo za m'mawindo zowotcherera bwino, koma windo limodzi likhale lotsegulika ndi kiyi kuti muthe kuthawa moto ukabuka. Gulani magetsi a sola oyaka okha munthu akadutsa, ndi alamu ya batire yolira kwambiri. Kuzimazima kwa magetsi kumene kunakula ndi chilala cha 2024 kunatiphunzitsa kuti chitetezo chodalira magetsi a pa waya chokha sichikwanira. Galu mmodzi azigona pafupi ndi nyumba kumene sangaponyeredwe nyama ya poizoni. Zonsezi pamodzi zingathe kutsika mtengo kuposa mfuti, bokosi lake, layisensi ndi maphunziro.

Chimene chinasowa usiku uja sichinali mfuti. Anthu ambiri anamva kukuwa, koma aliyense anali yekha kuseri kwa chitseko chake, osadziwa ngati mnzake atuluka. Mutu umodzi susenza denga. Itanani anansi a mumsewu wanu, mupite limodzi ku polisi ya m'dera lanu mukapemphe kuti akuthandizeni kukhazikitsa kapena kudzutsa gulu la chitetezo cha m'dera, la neighbourhood watch. Nyumba iliyonse ikhale ndi wezulo ndi tochi. Mugwirizane kuti wezulo ikalira pena, nyumba zonse ziyatse nyali, ziimbe mawezulo, zimenye zitsulo, wina aimbe 991 ndi nambala ya wapolisi wa pafupi. Simufunika kutuluka kukalimbana ndi zikwanje, phokoso la msewu wonse limakwanira kusokoneza anthu amene amadalira mdima ndi chete. Koma gululo likhale lomvera lamulo. Kumbukirani 2020, pamene mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba, zimene zinayambira ku Chingola, zinafalikira dziko lonse, ndipo magulu a anthu amantha anapha anthu ambiri ongowaganizira. Wogwidwa apite kupolisi ali moyo.

M'banja mwanu mukhale ndi pangano. Sankhani chipinda chimodzi cha chitseko cholimba chimene aliyense athawireko, muli foni yodzaza moto. Musamayendeyende mumdima kusaka akuba. Akakupezani musanapeze mpata wothawa, apatseni zimene akufuna, osawayang'anitsitsa kumaso, osakangana nawo. TV mudzagula ina. Ndipo mwana wanuyo mukhale naye pansi monga mwamuna mnzanu, osati momukalipira. Muuzeni zimene zinachitika kwa anansi ndi mmene zakusautsirani, mumupatse kiyi ya pageti, ndipo mugwirizane kuti akachedwa aziimba foni asanafike. Kaya mfuti idzabwera kaya ayi, kulumpha mpanda kuthe.

Za kusagona tulo musazinyalanyaze. Munthu wosagona amaona mdani paliponse ndipo sasankha bwino. Lankhulani ndi abusa anu, mkulu amene mumamukhulupirira, kapena pitani kuchipatala mukafotokoze. Kayendereninso mnansi wanu wovulalayo, chifukwa nayenso akufunika kudziwa kuti sali yekha.

Dzipatseni miyezi itatu mukuchita zimenezi. Ikatha, khalani pansi ndi mayi muonenso. Ngati nonse awiri mudzagwirizane kuti chifefe chikufunikabe, yambirani kupolisi, gulani bokosi lachitsulo mfuti isanabwere, ndipo phunzirani musanaike katiriji yoyamba. Ngati mudzapeze kuti tulo tabwerera popanda mfuti, ndalamazo mulipirire ana sukulu, ndipo musadzione ngati bambo woperewera. Mundilemberenso kuti ndimve mmene msonkhano wa anansi wayendera.

Ine wanu,
Phungu